Msomali Wopanda Katoni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga mayi akudzuka bwanji masiku ano? Dzanja lija likumvako mankhwala? Paja munati kukazizira limawawa mpaka m'phewa. Musamawasiye nthawi yaitali pafupi ndi khomo la kuseri kwa shopu, pamapita mphepo pamenepo. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya, ndipo denga la chipinda changa likudonthabe, eni nyumba akungoti mawa.

Mudabwa kuti munthu amene foni sichoka m'manja walemba kalata papepala. Musaseke. Chifukwa chake n'chakuti ndikaimba mumaika foni pa sipika, alamu n'kumayankha inu musanatsegule pakamwa, pamene nkhani imene ndili nayoyi siyofuna kuyankhidwa msanga. Mnzanga wina woyendetsa lole adutsa kwathuko Lachinayi, ndiye ndamupatsira. Muwerenge kaye muli nokha, kenako muwawerengere alamu. Sindikuwabisira kanthu, ndikungofuna kuti kamodzi kokha ndimalize kulankhula.

Nkhani yake ndi ya kanema uja. Munandiuza kuti shopu yathu yosokera yayamba kuzizira chitsegulireni sitolo ya zovala zosokasoka pafupi ndi depoti, ndipo alamu aganiza zoti mutsegule mapeji pa intaneti, paliponse pamene anthu amasonkhana. Munandifunsa kuti muyambire pati. Kenako alamu ananditumizira kanema amene anajambula mayi akusokerera mabatani ndi dzanja lamanzere, nsalu ataipanikiza pabondo, n'kunena kuti ameneyu ndiye aikidwe koyamba tsiku lotsegulira peji, Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno, mukamaliza kupenta shopu. Ine ndinayankha nthawi yomweyo kuti ikani, anthu akhamukira. Mawu amenewo ndikuwabweza. Mukudziwa kuti mayi sananditche Phuma pachabe, ndipo ulendo uno phuma langa lapweteka munthu kuno. Sindikufuna kuti lipwetekenso mayi.

Paja sindinakufotokozerenipo bwino za ntchito yanga, mumangodziwa kuti ndimasoka nsapato. Nsapato zake si zimene mumaziona m'sitolo. Timasokera anthu amene mapazi awo sagwirizana ndi nsapato zogula. Wina mwendo umodzi ndi waufupi, wina phazi linapindika chibadwire, wina anamudula zala chifukwa cha matenda a shuga. Abwana anga ndi bambo wachikulire, anthu onse mumsewu muno amawatcha a Chikombole, chifukwa amasema okha chikombole chathabwa cha phazi la kasitomala aliyense. Salankhula zambiri. Akamagwira ntchito amaluma timisomali titatu, ndiye ngakhale atafuna kukukalipira amangokuyang'ana pamwamba pa magalasi, iwe n'kudziwa wekha chimene walakwa.

Shopuyi ndi chipinda chimodzi chachitali. Kutsogolo kuli tebulo logwirira ntchito ndi mashini, pakati pali katani yobiriwira yofwifwa, ndipo kuseri kwa kataniyo kuli mpando ndi kampando koikapo phazi. Munthu akabwera koyamba, abwana amatseka katani, amamuvula nsapato okha, amamupondetsa pa katoni n'kuzunguliza phazi lake ndi pensulo. Akatero amadula katoniyo, kulembapo miyezo, n'kuipachika pa msomali. Khoma lonse la kuseri ladzaza makatoni a mapazi a anthu, koma onse amawapachika choyang'ana kukhoma, moti zolembazo sizioneka. Salolanso kuti makasitomala awiri akumane. Akamuuza wina kuti abwere naini koloko, winayo amamuuza leveni, ngakhale ntchito ili ya mphindi khumi. Zaka zitatu ndakhala ndikuziona zimenezi, ndipo mumtima ndimangoti ndi zochita za ukalamba.

Kumayambiriro kwa chaka ntchito inachepa. Tinkatha tsiku lonse tikunola mipeni yonoledwa kale. Ine ndinayamba kuwanong'oneza abwana kuti masiku ano bizinesi yopanda peji ili ngati nyumba yopanda khomo, anthu sangaipeze. Anandifunsa kuti peji yakeyo ikakhala kuti. Ndinati paliponse: pa Fesibuku, patsamba lija la zithunzi zokhazokha, makamaka pa lija la timakanema tifupitifupi, kumene achinyamata amavina. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati kumene anthu amavinako n'kumene tikapeze anthu ovutika kuyenda. Ndinawaseka mumtima. Ndinawakakamiza masabata awiri mpaka anatopa nane, anangoti ndichite zimene ndikudziwa, bola iwo ndisawajambule.

Ndinatsegula mapeji atatu tsiku limodzi. Ndinkajambula manja anga akudula chikopa, akupaka guluu, akukhoma soli. Oonera anali anthu makumi awiri, ndipo theka la iwo ndinali ine ndemwe, kubwerezabwereza. Pafupi ndi ife pali wometa tsitsi, mnyamata wansangala, amene peji yake imamutsatira anthu zikwizikwi. Ndinapita kukadandaula kwa iye. Anandiuza kuti anthu safuna kuona guluu, amafuna kuona munthu mmene analili poyamba ndi mmene wasinthira, chinthu chogwira mtima. Iye amajambula mutu wonyankhalala, kenako mutu womwewo utametedwa bwino, basi anthu n'kumaimba foni. Malangizowo sanali oipa. Kungoti anali a shopu yake, ine n'kuwanyamula osawayesa n'komwe ngati akukwana kwathu.

Tili ndi kasitomala wina, mayi wophunzitsa ku sekondale. Tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Mwendo wawo wamanzere ndi waufupi ndi muyezo wa zala zitatu za m'manja, ndipo a Chikombole akhala akuwasokera nsapato kwa zaka khumi ndi chimodzi, kawiri pachaka, chifukwa munthu woimirira tsiku lonse pabolodi amatha soli msanga. Akavala nsapato zathu simungadziwe kanthu, amangooneka ngati munthu woyenda modekha. Amabwera choko chili m'manja mwa malaya, ndipo ndi iwo okha amene amatha kuwaseketsa abwana mpaka kulavula timisomali. Ine ankandifunsa za inu ndi za mayi nthawi zonse, ndipo atamva za sitiroko ya mayi anandilembera papepala timasewera tolimbitsa dzanja timene mchemwali wawo ankachita. Kapepala kaja ndinakutumizirani chaka chatha kanachokera kwa iwo.

Tsiku lina anabwera kudzatenga nsapato zatsopano abwana atapita kukagula chikopa. Ndinawapempha kuti ndiwajambule akuyenda, koyamba opanda nsapato, kenako atavala. Anandifunsa kuti n'zachiyani. Ndinati ndi za ntchito. Achemwali, sindinaname, komanso sindinanene zoona, ndipo ndinkadziwa. Iwo anaganiza kuti ndikufuna kuwaonetsa abwana mmene nsapato yakhalira. Anavula, anayenda ndi masokosi kuchokera pa katani kufika kukhoma, thupi likugwera kumanzere pa sitepe iliyonse, akuseka kuti ndifulumire pansi pakuzizira. Kenako anavala n'kuyenda chilili. Ndinajambula kuyambira m'mawondo kupita pansi. Ndinadziuza kuti popeza nkhope sikuoneka, palibe amene angawadziwe, ndiye palibe chopempheranso.

Ndinaikapo kanyimbo kachisoni koyambirira, kosangalatsa kumapeto, n'kuponya. Pofika tsiku lachitatu anthu zikwi makumi anayi anali ataonera. Mukanandiona! Ndinkayenda mumsewu muno ngati ndine mwini wake, wometa uja n'kumandiimbira m'manja ndikamadutsa. Ndi sabata yomweyo imene alamu ananditumizira kanema wa mayi, ndiye mukhoza kuona kuti munthu amene anakuyankhani kuti ikani uja anali ataledzera ndi manambala.

Foni inayambadi kulira, koma tamverani oimba ake. Atsikana ofuna nsapato za soli yokhuthala za fasho. Bambo wina wofuna kuti timutalikitseko pa tsiku la ukwati wake chifukwa mkwatibwi amamuposa msinkhu. Wina wofunsa ngati timagulitsa kanyimboko. Pa anthu zikwi makumi anayi aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa pakhomo ndi phazi lofuna ntchito yathu. Ine sindinazione zimenezo, maso anali pa ndemanga. Ena ankatidalitsa, ena ankaika tinkhope toseka, ndipo oseka aja ndinkangowadumpha.

Patapita masabata awiri, Aphunzitsi anabwera masana, tsiku limene sitinapangane. Anawalonjera abwana mwaulemu monga mwa masiku onse, anakana mpando. Sanakweze mawu. Anawafotokozera abwana, amene mpaka nthawi imeneyo sankadziwa kanthu, kuti ana a sukulu anaupeza kanema uja. Anadula chigawo choyamba chokha, chija akuyenda ndi masokosi, n'kuikapo nyimbo ina yovinira, ndipo tsopano uli m'foni ya mwana aliyense. Akatembenukira kubolodi kuti alembe, kumbuyo wina amayamba kuing'ung'udza nyimboyo, ena n'kumafwenthera m'manja. Pakhonde apezapo kale anyamata awiri akuyeserera kayendedweko.

Ine ndinalumpha n'kunena kuti koma nkhope sindinaionetse. Anatembenuka n'kundiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene wapereka yankho lolakwika molimba mtima.

"Nkhope simunaionetse, n'zoona," anatero. "Koma ana amene amandiona ndikuyenda pakhonde tsiku ndi tsiku safuna nkhope kuti andidziwe. Siketi ndi yomweyi, kaponyedwe ka phazi n'komweka. Zaka khumi ndi chimodzi, amene anandionapo ndikuyenda wopanda nsapato za muno ndi anthu atatu okha: mwamuna wanga, bambo awa, ndi inu."

Kenako anawapempha abwana kuti awapatse katoni yawo. A Chikombole anachotsa timisomali pakamwa, n'kulowa kuseri. Pakhoma paja pali makatoni oposa zana, onse oyang'ana kukhoma, koma sanafufuze, dzanja linangopita pamalo pake. Anaipukuta fumbi ndi mkono wa malaya n'kuipereka ndi manja awiri. Aphunzitsi anailowetsa m'chikwama pakati pa makope a ana. Ndinapepesa, mawu akutuluka mosokonekera. Anangoti amva, n'kutuluka, akuyenda chilili mu nsapato zimene ndinakhoma ndekha soli yake.

Ndinafufuta kanemayo asanafike n'komwe pa siteji ya basi, koma kunali kutseka khola mbuzi zili kale m'munda wa eni. Chinthu ukachiponya kumeneko sichikhalanso chako. Iwe ukhoza kufufuta chako, koma za m'mafoni a anthu ena ulibe nazo mphamvu.

Ndinkayembekezera kuti andichotsa ntchito, ndipo ndikanavomereza. Abwana anakhala masiku awiri osandilankhula, ngakhale kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikanakonda akanandimenya ndi chikombole. M'masiku omwewo makasitomala awiri anaimba kufunsa ngati n'zoona kuti masiku ano timajambula anthu. Agogo ena amene amabwera ndi mdzukulu wa phazi lopindika anandiuza mwaulemu kuti ndiike kaye foni yanga patebulo la kutsogolo asanamuvule mwanayo nsapato. Manyazi ake ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe.

Tsiku lachitatu abwana anandiitanira kuseri kwa katani. Anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake makatoni amayang'ana kukhoma. Ndinati sindikudziwa. Anati munthu amene ali ndi phazi lotere amakhala moyo wake wonse anthu akumuyang'ana kumiyendo asanamuyang'ane kumaso, ndipo muno ndi malo okhawo amene amavula nsapato popanda mantha. Anati chimene timagulitsa choyamba ndi katani, nsapato zimabwera pambuyo. Sanapitirire pamenepo. Anandipatsa chidutswa cha katoni ndi pensulo, n'kundiuza kuti aliyense wolowa pakhomo ndizimufunsa kuti anatidziwa bwanji, ndizilemba.

Ndalemba kwa mwezi wathunthu, ndipo mayankho ake ndi atatu okha. Ambiri anatumizidwa ndi anamwino amene amaphunzitsa anthu kuyendanso kuchipatala. Ena anamva kwa mnzawo ali pamzere wodikira dokotala. Amayi a ana ali ndi gulu lawo pa Watsapu, la makolo okhaokha a ana a mapazi opindika, mmene amauzana za mankhwala, za masiku a kuchipatala ndi za nsapato, ndipo dzina la a Chikombole lakhala likuyenda mmenemo zaka zonsezi ife osadziwa. Anthu athu analipo kale pa intaneti, achemwali. Anali m'kachipinda kawo atatseka chitseko, ine n'kumakawakuwira pabwalo la zovina.

Tsopano tachita chonchi. Mapeji awiri aja ndinatseka. Pa Fesibuku tasiya peji yosalira zambiri: pamene tili, nthawi yotsegula, nambala ya foni, ndi zithunzi za nsapato zili patebulo, popanda phazi la munthu. Tatenga nambala ya Watsapu ya shopu yokha, ndipo tinalemba poonekera kuti muno sitijambula munthu. Mayi mmodzi wa m'gulu lija, abwana atamupempha, anaika nambalayo m'gulumo ndi mawu ake. Munthu wakutali amatha kutumiza chithunzi cha phazi kuti abwana aone ngati angathe, ndipo akangoona ndimafufuta iwo akuyang'ana. Otitsatira pa peji sakwana zana. Koma sabata yatha tinapachika makatoni atsopano anayi, ndipo mipeni tasiya kuinola pachabe.

Musaganize kuti ndikunyoza tsamba la timakanema lija. Wometa uja likumuyendera bwino, ndipo n'zoyenera, chifukwa munthu akameta amafuna kuti dziko lonse limuone, ena amachita kumupempha kuti awajambule. Wogulitsa makeke wa kumapeto kwa msewu naye zithunzi zimamuthandiza. Vuto silinali tsambalo, linali ine amene sindinafunse kuti anthu anga ali kuti, ndipo amafuna kuonedwa kapena ayi.

Msomali wa Aphunzitsi ukadali wopanda kanthu. Tsiku lina ndinapachikapo katoni ya kasitomala watsopano mosazindikira, abwana anangoichotsa mwakachetechete n'kukhoma msomali wina pambali. Chikombole chathabwa cha Aphunzitsi chikadali pa shelefu. Nsapato zimene anatenga zija zidzatha nyengo yozizira ikamafika, ndipo mumzinda muno palibe wina wosoka zoterezi, ndiye sindikudziwa kuti adzapita kuti. Ndinawalembera uthenga wopepesa, anawerenga, sanayankhe, ndipo sindikuwaimba mlandu. Dzana ndinaona abwana akudula chikopa chakuda cha muyezo wa Aphunzitsi n'kuchikulunga m'pepala. Zimandiwawa tsiku lililonse ndikatsegula katani ija.

Tsopano ndibwere kwathu. Mukukumbukira kope la mayi la miyezo, lija la chikuto chofiira? Tili ana tinkaseka kuti akamalemba amaphimba ndi dzanja ngati mwana wa sukulu wokaniza mnzake kuonera mayeso. Zaka makumi anayi akusoka, sindinawamvepo akutchula mokweza muyezo wa m'chiuno mwa munthu, ngakhale m'shopu muli anthu awiri okha. Mkazi akanenepa ankangoti nsalu za masiku ano zimafupika zikachapidwa. Mtsikana akabwera kuti amukulitsire diresi pamimba, ankatituma kukagula ulusi umene unalipo kale m'dirowa. Nanenso ndinakulira kuseri kwa katani, koma ndinachita kubwera kutali kuno kuti ndidzamvetse.

Ndiye pa funso lanu lakuti muyambire pati, yankho langa ndi ili: musayambire pa intaneti, yambirani pakhomo. Tengani sabata ziwiri mukufunsa aliyense wolowa kuti anakudziwani bwanji, ndipo pa foni yake amakonda kutsegula chiyani. Ndikhoza kulosera kale. Makasitomala anu ndi amayi osoketsa yunifolomu za ana, anamwino, a kwaya, ndi akwatibwi obwera ndi madiresi oti muwabweze. Amenewo ali m'magulu a pa Watsapu a makolo a sukulu ndi a kutchalitchi, ndipo amaona masitetasi a anzawo akadikira basi. Nambala imodzi ya shopu yokha, yoyankhidwa msanga ndi mwaulemu, zithunzi zowala bwino za zovala zili pa hang'ala, ndi peji imodzi yoti mlendo adziwe pamene muli, n'zokwanira. Mapeji asanu adzakudyerani nthawi ya mashini, ndipo peji yosiyidwa miyezi itatu imaoneka ngati shopu yotsekedwa. Sitolo ya kudepoti ija ili ndi zovala zambiri, koma singabweze diresi usiku wa Lachisanu n'kusunga chinsinsi cha mwini wake. Anthu auzeni zimenezo.

Alamu musawakalipire. Ndikudziwa kuti anajambula chifukwa chonyadira mayi, ndipo ndi iwo amene anawanyamula pamsana kupita nawo kuchipatala ine ndili kuno. Akufuna kuti shopu isafe, ngati mmene ine ndinkafunira. Koma kanemayo muonereninso bwinobwino. Anajambulira pa mpata wa katani ya m'shopu mwathu, m'mbali mukuoneka nsalu yake. Mayi sakudziwa kuti akujambulidwa. Chizindikiro chake n'chakuti kansalu kaja amaphimbira pakamwa alendo akabwera kali pamiyendo, ndipo pamene inu mukuwauza zinazake kuchokera pamashini, akuseka ndi pakamwa ponse, mbali yopotoka ija ili poyera. Awa ndi mayi amene anakaniza anzawo a kwaya kudzawaona miyezi itatu mpaka atatha kukhala tsonga okha, amene sapita ngakhale pa golosale duku lisanasitidwe.

Anthu akaonera adzalira, adzadalitsa, adzagawana, ndipo mwina manambala adzaposa anga aja. Koma telala amene waveka akwatibwi a dera lonse adzasanduka agogo aja a dzanja limodzi, ndipo adzazimva kwa ana a mumsewu, osati kwa ife. Pa anthu zikwi zambiri sipalephera wina woika nyimbo yake. Mukadzafuna kufufuta mudzapeza zimene ndinapeza ine.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka lija lisanafike, muwaonetse mayi kanemayo, ndipo asankhe okha. Muwaonetse muli awiri, alamu kulibe, chifukwa mukudziwa kuti mkamwini wawo samukanira kanthu, adzangoti chabwino bambo, mtima ukukana. Musawauze kuti ndi za ntchito, monga ndinachitira ine. Muwauze zonse: kuti adzaona ndi anthu osawadziwa ndi owadziwa omwe, kuti ena adzaseka, kuti sizibwezedwa. Mwina adzavomera, paja mayi ndi ouma mutu, akhoza kunena kuti dziko lione kuti sanafe. Akatero, muwalole amange duku limene akufuna, ajambulidwe akudziwa, ayang'ane kamera okha. Akakana, ikhale nkhani yatha, ndipo pa peji muike mabatani amene asokerera, ali mumzere wawo wowongoka uja. Amenewo okha akhoza kuitana makasitomala.

M'kaphukusi kamene kali ndi kalatayi muli kachikopa kokhakhala kokhala ndi lamba. Ndasoka ndekha. N'komanga pabondo kuti nsalu isamaterereke akamasoka, chifukwa ndinaona kuti imawathawa kawirikawiri, iwo n'kumaikoka ndi chigongono. Mukawapatsa adzafunsa kuti Phuma wadziwa bwanji zimenezi ali kutali. Musawanamize. Poyambira nkhani ndi pamenepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuwathokoza pa zonse ndipo ndidzawaimbira akamaliza kundikwiyira. Moni kwa ana onse, wamkuluyo muuzeni kuti nsapato zake za mpira ndaziona pa chithunzi, asazitaye, zikhoza kusokedwa. Moni kwa amalume, kwa azakhali ndi miyendo yawo ija, ndi kwa amayi oyandikana nawo shopu amene amakhala ndi mayi inu mukapita kukagula nsalu.

Chomaliza, ndipo ichi muwauze mayi ndi mawu anga. Kanemayo ndili naye m'foni mwanga, sindinamuonetse munthu aliyense, ndipo ndimamuonera m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Chidwalireni sindinawamvepo akuseka. Ndikaimba amangoti ali bwino, mawu ochepa, kansalu kali pakamwa, ndimachita kukamva. M'kanemamo ndi mokhamo mmene ndili ndi mayi anga akale. Koma nanenso sanandipatse, ndinangolandira zobedwa. Ndiye muwafunsenso za wangayu. Akati ndifufute, ndifufuta tsiku lomwelo, sindidzanyinyirika. Mungowapempha kuti ndikadzaimba Lamlungu, inu mudzanenenso zimene munanena tsiku lija muli pamashini, iwo achotse kansalu, ndimve ndekha.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Phuma